Fayilo yasowa, nanga tiyifunefune bwanji? Mafunso ndi mayankho pa za kawindo kakuda

Aliyense amene anaimapo pamzere pa kashopu kosindikiza mapepala pa Migowi kapena pa Phalombe boma amayidziwa nkhope ya munthu amene fulashi yake yatsegulidwa n'kupezeka mulibe kanthu. Kalata yofunsira ntchito inali momwemo dzulo madzulo, lero kuli zii. Mnyamata wa pashopupo akakhala wodziwa satekeseka. Amatsegula kawindo kakuda, n'kulemba mzere umodzi, mafayilo onse n'kutulukira. Ena amaseka kuti mwanayu ali ndi zitsamba. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa akaona zimenezi, ndi ena amene ndimaona kuti akanayenera kufunsa.

Kawindo kakudako n'chiyani?

Ndi malo olankhulira ndi kompyuta polemba mawu m'malo modina zithunzi ndi mausi. Pa Windows amati CMD kapena PowerShell, pa Linux ndi pa Mac amati terminal. Kuseri kwake kuli pulogalamu yotchedwa shell, imene imawerenga zimene mwalemba n'kuzichita ndendende mmene mwalembera. Sifunsa kuti mumatanthauza chiyani, ndipo pamenepa m'pamene pagona ubwino wake ndi kuopsa kwake komwe.

Njirayi ndi yakale kuposa mausi ya pa desiki yanu. Inakula pamodzi ndi Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kupanga ku Bell Labs ku America mu 1969. Shell imene ambiri amagwiritsa ntchito lero, Bash, anailemba Brian Fox ndipo inatuluka mu 1989. Linux inabadwa mu 1991 m'manja mwa Linus Torvalds, wophunzira wa ku Helsinki, chaka chomwe chija napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kusesa midzi kuno kwathu. Tsono ngati mukukumbukira chaka cha napolo, mukudziwanso zaka za Linux.

Mnyamata wa pashopu uja analemba chiyani kuti mafayilo abwerere?

Kawirikawiri mafayilo aja amakhala sanapite kulikonse. Pali vayirasi yodziwika imene imayenda pa mafulashi, yobisa mafoda enieni n'kuika tizithunzi ta shortcut m'malo mwake. Umboni wake ngwosavuta: fulashi imaoneka yopanda kanthu koma kompyuta ikunena kuti malo ake ngodzaza. Pa Windows, ngati fulashi yatenga chilembo E, amalemba mu CMD kuti:

`attrib -h -r -s /s /d E:\*.*`

Mawu oti attrib ndi lamulo losintha zizindikiro za fayilo. Zilembo zitatu zotsatirazo zikuchotsa chizindikiro cha kubisika, cha kusalola kusinthidwa, ndi cha kudzionetsa ngati fayilo ya Windows mwiniwake. Ziwiri zomalizazo zikuti lowa m'mafoda onse, ndipo mafodawo uwachitenso chimodzimodzi. Basi, zitsamba zake ndi zimenezo.

Koma dziwani kuti mzerewu wangovundukula zobisika, vayirasi ija ikadali moyo. Tizithunzi ta shortcut tija musatidine, chifukwa kutidina ndiko kuidzutsa. Koperani mafayilo anu kwina, fulashiyo muiyeretse, ndipo kompyuta imene inakupatsirani matendawo ikufunikanso mankhwala.

Mausi ilipo ndipo imagwira bwino ntchito. Kudzivutitsiranji ndi kuloweza malamulo?

Ngati mafayilo anu ndi makumi awiri, musadzivutitse. Ndikunena moona. Mausi ikukwanirani.

Nkhani imasintha mafayilo akafika masauzande. Taganizirani mmene zinalili m'maofesi ndi m'mabungwe othandiza anthu pambuyo pa namondwe Freddy mu March 2023, pamene madera ngati a kwa Nkhulambe anawonongeka kwambiri. Zithunzi za nyumba zogwa zimabwera pa WhatsApp kuchokera kwa anthu osiyanasiyana, mindandanda ya mabanja imabwera kawiri katatu, wina atakonza dzina limodzi n'kutumizanso. Pakatha miyezi itatu, kompyuta imakhala ngati nkhokwe imene anathiramo chimanga, nandolo ndi mpendadzuwa pamodzi. Ndiye bwana akuti, ndipatseni zithunzi zonse za sabata yoyamba ija. Ndi mausi mudzatha tsiku. Ndi lamulo limodzi mudzatha madzi a tiyi asanawire.

Chinanso, chimene mwalemba chimasungika. Kudina kwa mausi kumatha pomwepo, pomwe mzere wolembedwa mukhoza kuupatsa mnzanu, kapena kuubwereza mwezi wamawa osasintha kanthu.

Chabwino. Fayilo ndaitaya, sindikudziwa foda imene ili. Ndiyambire pati?

Pa Linux ndi pa Mac mlenje wamkulu ndi lamulo lotchedwa find. Mumaliuza zinthu ziwiri: poyambira kusaka, ndi maonekedwe a nyama.

`find ~ -iname "*nkhulambe*"`

Kachizindikiro kopindika kaja kakuimira foda yanu yaikulu, kwanu kwenikweni pa kompyutapo. Mawu oti iname akuti saka potengera dzina, osasamala kuti zilembo n'zazikulu kapena zazing'ono. Nyenyezi ziwirizo zikuti kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawuwo kukhoza kukhala chilichonse. Ndiye kaya fayiloyo ndi Lipoti_Nkhulambe.docx kaya NKHULAMBE final 2.xlsx, idzagwidwa.

Ngati dzina mwaiwaliratu koma mukukumbukira kuti munaikonza sabata yathayi:

`find ~ -type f -mtime -7`

Izi zikutulutsa mafayilo onse amene asinthidwa m'masiku 7 apitawa. Ndipo kompyuta ikamadandaula kuti malo atha, funsani kuti olemera ndani:

`find ~ -type f -size +500M`

Mudzadabwa kupeza kuti si malipoti amene adzaza disiki, koma mafilimu amene wina anakopera chaka chatha n'kuiwala.

Zithunzi za pa WhatsApp zili ndi ubwino umodzi: pa mafoni a Android dzina lake limakhala ndi tsiku, monga IMG-20230314-WA0007.jpg. Tsono zithunzi zonse zimene zinalowa m'mwezi wa Freddy zimapezeka ndi `find ~ -name "IMG-202303*"`. Tsiku la m'dzinali ndimalikhulupirira kuposa tsiku limene kompyuta imalemba yokha. Makompyuta ambiri a m'maofesi ndi m'masukulu mwathu ngakale, kabatire kosunga nthawi kanatha mphamvu, moti magetsi akangothima wotchi imabwerera ku chaka china chakale. Fayilo ya dzulo imaoneka ngati inalembedwa mwana wanu asanabadwe, ndipo lamulo la masiku 7 lija limaidumpha.

Nanga ngati ndikukumbukira mawu a m'kati mwa fayilo okha?

Apo mumaitana grep, lamulo lina la Ken Thompson la m'zaka za m'ma 1970. Ilo limatsegula mafayilo n'kuwerenga zam'kati.

`grep -ril "nandolo" ~/malipoti`

Likupatsani mayina a mafayilo onse a mu foda ya malipoti amene muli mawu oti nandolo. Koma apa ambiri amakhumudwa, ndiye ndinene msanga. grep amawerenga bwino mafayilo a mawu okhaokha, monga a txt ndi a csv. Fayilo ya Word ya docx kapena ya Excel ya xlsx ndi mtolo womangidwa ndi kupanikizidwa, grep akayang'anamo saona mawu anu. Mindandanda ya Excel mukhoza kuisunganso ngati csv kuti isakike. Za PDF zili ndi lamulo lake, pdfgrep, limene muyenera kuikamo padera. Ndipo pepala limene munangolijambula ndi foni ndi chithunzi chabe, kompyuta sidziwa kuti pali zilembo pokhapokha mutalidutsitsa m'pulogalamu yozindikira malemba.

Ndinayesa lamulo lina pa fayilo yotchedwa Ng'ombe za m'mudzi, kompyuta inati fayiloyo kulibe. Chinavuta n'chiyani?

Funso limeneli ndimalikonda, chifukwa mabuku ambiri ophunzitsa zimenezi analembedwa ndi anthu amene chilankhulo chawo sichidzaza ndi tizizindikiro ngati chathu. Ife timalemba ng'ombe, m'mudzi, n'chiyani, pang'ono. Kwa shell, kachizindikiro ka m'mwambako si chilembo. Ndi chitseko: koyamba kamatsegula mawu ogwidwa, kachiwiri kamatseka. Dzina likakhala ndi kamodzi, monga ng'ombe.pdf, shell imaona chitseko chotsegulidwa ndipo imadikira kuti mutseke. N'chifukwa chake imangoima ndi kachizindikiro kolozera kumanja. Dinani Ctrl ndi C kuti mutuluke. Likakhala ndi tiwiri, ngati lanulo, shell imatimeza tonse n'kukasaka dzina lopanda tizizindikiro, limene kulibe.

Mpata wa pakati pa mawu nawonso ndi msampha. Shell imaona mpata ngati malire, ndiye Lipoti la March.docx kwa iyo ndi zinthu zitatu zosiyana. Mankhwala a mavuto onse awiriwa ndi amodzi, kulikuta dzina lonse ndi tizizindikiro tiwiritiwiri:

`cp "Ng'ombe za m'mudzi.pdf" /media/fulashi/`

Ndipo pali chilembo chathu china, ŵ wa kadenga. Wina analemba Malawi, wina Malaŵi. Kwa inu ndi dziko limodzi, kwa find ndi mayina awiri osadziwana. Posaka, ikani nyenyezi pamalo pa chilembocho, mulembe `"*mala*i*"`, zonse zidzabwera, ngakhale padzalowanso zina zosafunika monga malalanje a Migowi.

Amene afika pophatikiza find ndi lamulo lotchedwa xargs asaiwale kulemba `-print0` kwa find ndi `-0` kwa xargs. Popanda zimenezo, xargs imakanika pa dzina loyamba lokhala ndi ng'. Ine langizo langa ndi lachidule kuposa onsewa: potchula mafayilo a ntchito, siyani mipata ndi tizizindikiro, ndipo yambani ndi tsiku motere, 2024-06-30_ngombe_chiringa.pdf. Chichewa cholondola chisungeni m'kati mwa kalatayo. Mafayilo otchulidwa chonchi amadziyala okha m'ndondomeko ya masiku.

Ndawapeza mafayilowo. Kodi ndiwasunthe limodzilimodzi?

Ayi, find yemweyo angathe kugwira ntchito pa chilichonse chimene wapeza.

`find ~ -iname "*nkhulambe*.jpg" -exec cp -n {} /media/fulashi/ \;`

Tizizindikiro tiwiri toyang'anizanato tikuimira fayilo iliyonse yopezeka, ndipo cp akuikopera ku fulashi. Chilembo n chikuletsa kufufuta fayilo ina imene ili kale kumeneko ndi dzina lomwelo. Izi zikutanthauzanso kuti zithunzi ziwiri zosiyana zikakhala ndi dzina limodzi, chachiwiri chidzatsala, choncho werengani musanatseke.

Kusintha mayina a zithunzi mazana atatu nthawi imodzi kumatheka ndi mzere uwu:

`for f in *.jpg; do mv -n "$f" "migowi_$f"; done`

Tanthauzo lake: pa chithunzi chilichonse cha mu foda muno, onjezera mawu oti migowi kutsogolo kwa dzina. Onani kuti f wakutidwa ndi tizizindikiro tiwiritiwiri, pa chifukwa chija tanena kale. Ndipo poyamba lembani echo kutsogolo kwa mv. Mukatero kompyuta imangokusonyezani zimene ikanachita, osachita. Mukakhutira, chotsani echo.

Anthu amati sikiripiti. Ndi chinthu china chapadera?

Ndi malamulo omwewa olembedwa m'fayilo imodzi, kuti m'malo mowalemba tsiku ndi tsiku muzingoitana dzina la fayiloyo. Nachi chitsanzo cha mlembi wa pasukulu kapena wa pakopaletivi ya alimi amene akufuna kusunga kope la ntchito yake pa disiki yakunja:

```
#!/bin/bash
mountpoint -q /media/nkhokwe || exit 1
tsiku=$(date +%F)
kopita="/media/nkhokwe/zosunga/$tsiku"
mkdir -p "$kopita"
rsync -a "$HOME/malipoti/" "$kopita/"
```

Mzere woyamba ukunena kuti Bash ndiye awerenge. Wachiwiri ukuyang'ana ngati disiki yakunja yalumikizidwadi, ndipo ngati palibe, ntchito ithere pomwepo. Mzere umenewu ambiri amausiya, ndiye amakhala miyezi akuganiza kuti akusunga kunja pamene kope silikufika kumene akuganiza. Mizere yotsatira ikutenga tsiku la lero, kupanga foda ya dzina la tsikulo, n'kukoperamo zonse. Mayina oti tsiku ndi kopita ndasankha ndekha, shell siikakamiza Chingerezi pamenepo. Fayiloyi muitche sunga.sh, muipatse chilolezo chogwira ntchito polemba `chmod +x sunga.sh`, ndipo kuyambira pamenepo `./sunga.sh` akukwanira.

rsync anaipanga Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras ku Australia mu 1996, ndipo imayenerana ndi moyo wathu wa magetsi othimathima. Kukopera kukadukira pakati, mukayambiranso imadumpha mafayilo amene anafika kale n'kupitiriza ndi otsala.

Pali pulogalamu yotchedwa cron imene imayendetsa sikiripiti pa ola limene mwaika. Vuto lake n'lakuti ola likakwana kompyuta ili yozima, tsikulo lapita, siibwerera. Kuno kwathu anacron ndiye woyenera, chifukwa kompyuta ikangoyaka amachita ntchito imene inatsalira.

Msampha wina waung'ono: sikiripiti yolembedwa pa Windows n'kupita nayo pa Linux nthawi zina imakana, n'kumatchula kachizindikiro kachilendo ka ^M. Windows amamaliza mizere mosiyana ndi Linux. Lamulo la dos2unix limakonza zimenezo.

Komanso kope likhale kutali ndi mwini wake. Disiki yosungidwa m'kabati ya chipinda chomwecho imathandiza kompyuta ikafa, koma madzi akalowa m'nyumba amatenga zonse ziwiri. Anthu a m'munsi mwa Michesi ndi Mulanje safunika kuuzidwa kawiri za zimenezi.

Ndamva kuti munthu akhoza kufufuta kompyuta yonse ndi mzere umodzi. N'zoona?

N'zoona, ndipo zachitikira akatswiri. Lamulo lofufuta ndi rm, ndipo chimene lachotsa sichipita ku Recycle Bin. Mu 1998, ku kampani ya Pixar, lamulo limeneli linayendetsedwa pamalo olakwika ndipo linafufuta mbali yaikulu ya mafayilo a filimu ya Toy Story 2. Makope osungira anapezeka kuti sanali bwino. Chinawapulumutsa n'chakuti mmodzi mwa akuluakulu a ntchitoyo, Galyn Susman, amagwirira ntchito kunyumba chifukwa anali ndi khanda, ndipo anali ndi kope pa kompyuta yake. Mu January 2015 anthu anatulukira kuti sikiripiti ya pulogalamu ya masewera ya Steam pa Linux imatha kufufuta mafayilo onse a mwini kompyuta, chifukwa dzina la foda imene imayenera kuyeretsedwa nthawi zina limakhala lopanda kanthu, ndiye rm amayambira pa tsinde.

Inenso zinandigwera, ngakhale kuti mwa ung'ono. Ndimayeretsa foda ya zithunzi pa ofesi ina ndipo ndimafuna kuchotsa tizidutswa tothera ndi .tmp. Chala chinaika mpata pakati pa nyenyezi ndi kadontho. Shell inamva kuti chotsa zonse, kenako chotsanso fayilo yotchedwa .tmp. Inangondidandaulira kuti yachiwiriyo sinaipeze. Za zoyambazo sinanene kanthu, inali itamaliza kale.

Tsono mwambo wake ndi uwu. Yambani mwasaka ndi find popanda kufufuta, muwerenge mndandanda ndi maso anu. Mukatsimikiza, bwerezani mzere womwewo n'kuonjezera `-delete` kumapeto kwenikweni. Ndati kumapeto chifukwa find amawerenga kuchokera kumanzere, ndipo mukaika `-delete` patsogolo pa dzina amayamba kufufuta chilichonse asanafike pa dzinalo. Ngati mtima ukukayikabe, musafufute, sunthirani mafayilowo mu foda ina muitche zotaya, ikhale mwezi. Ndipo mzere uliwonse umene mwaupeza pa intaneti woyamba ndi sudo, umene umakupatsani mphamvu zonse pa kompyutayo, musauyendetse musanamvetse liwu lililonse.

Kompyuta yanga ndi ya Windows, ndipo mnzanga alibe n'komwe, ali ndi foni chabe. Zimenezi zikutikhudza?

Zikukukhudzani. Mu CMD, `dir /s /b *nkhulambe*` amasaka m'mafoda onse kuyambira pamene mwaima, findstr amagwira ntchito yofanana ndi ya grep, ndipo robocopy ndi mbale wake wa rsync. Kuyambira mu 2016 Microsoft inaikanso njira yotchedwa WSL yoyendetsera Linux m'kati mwa Windows, kungoti kuikamo koyamba kumadya bandulo. Wa foni ya Android akhoza kuika Termux, imene imapereka Bash yeniyeni m'manja, ndipo find ndi grep amagwira ntchito momwemo akailola kuona mafayilo a m'foni. Kulemba pa kiyibodi ya foni n'kotopetsa, koma pophunzirira n'kokwanira.

Amene ali ndi laputopu yakale imene Windows yaikulira angayese Linux. Mtundu wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004. Dzinalo ndi umunthu wathu womwewu m'zilankhulo za kumeneko.

Kodi kuno ku Malawi alipo amene amadya nazo zimenezi, kapena n'zongosangalatsa anyamata?

Alipo. Amene anapitapo ku chipatala n'kuona kalaliki akudina sikirini ndi chala, kenako kamakina n'kutulutsa kapepala komata m'buku la kuchipatala, anaona chipatso cha ntchito imene bungwe la Baobab Health linayamba ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Makina amenewo anamangidwa pa Linux ndi mapulogalamu ena aulere. Kuseri kwa sikirini yokongolayo kumakhala seva, ndipo amene amaisamalira amagwira ntchito yake yambiri m'kawindo kakuda: kusunga makope, kuona chimene chadzaza disiki, kuwerenga mafayilo olemba zochitika kuti adziwe chimene chinavuta usiku. Mabanki ndi makampani a mafoni nawonso amafuna anthu otere. Mwana wa fomu 4 wa kwa Nazombe kapena kwa Jenala amene wazolowera find, grep ndi rsync wagwira kale zida zimene amisiri amenewa amagwira tsiku ndi tsiku.

Ngati lamulo limodzi lingasake mafayilo onse a pa kompyuta, ndingasakenso a anzanga a muofesi?

Pa Linux fayilo iliyonse ili ndi mwini wake ndi zilolezo zake, ndipo find akafika pa foda imene simuloledwa amakuuzani kuti wakanizidwa n'kupitirira. Koma m'maofesi ambiri anthu asanu amalowa ndi dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi yolembedwa pa kapepala pansi pa kiyibodi, ndiye palibe mpanda uliwonse. Pamenepo choletsa ndi inu nokha, komanso lamulo la dziko. Malawi ili ndi lamulo la 2016 lokhudza zochitika za pa makina ndi chitetezo cha pa intaneti, limene limaletsa kulowa m'zinthu za pa kompyuta popanda chilolezo, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo loteteza mbiri za anthu, limene MACRA ikuyang'anira. Mndandanda wa olandira thandizo uli ndi mayina, midzi ndi manambala a ziphaso. Kaundula wa kuchipatala ali ndi zimene munthu sanauze ngakhale mkazi wake.

Ndiye sikiripiti yanu yosunga makope ija muiyang'anenso: kodi ikukopera chiyani, ndipo disikiyo imagona kuti? Fulashi imene muli mndandanda wa mabanja a mudzi wonse isakhale yomweyo imene mumapita nayo ku kashopu ka pa Migowi kukasindikiza kalata ya ukwati.